Nsomba Zofiira Ndikukabweza

Apongozi,

Mukaweruka kuntchito mupeza kuti nsomba ziwiri zofiira zimene munaika m'thanki dzulo mulibe. Sizinafe ayi. Ndazitenga, ndikukazibweza kusitolo.

M'mawa uno ndawerenga tinsomba timene malemu mkazi wanga anandisiyira. Tinalipo tisanu ndi kamodzi, tatsala tinayi, ndipo kena kang'ambika mchira. Zofiira zanuzo mimba zatupa.

Ndinamva pamene mumauza amuna anu kuti tinsombati n'totuwa, alendo sationa. Alendo akafuna kuona zazikulu ayatse kanema. Thankiyi ndi ya malita makumi awiri basi. Malemu anasankha okha zokhalamo: tinsomba tating'ono, nkhono ziwiri zonyambita ndere pagalasi, ndi udzu wam'madzi. Chiikireni, palibe kanadyapo kanzake. Wakusitolo anakuuzani kuti zonse zimakhalirana bwino. Iye ntchito yake ndi kugulitsa.

Musathiremo chakudya, ndathira kale. Pampu musazimitse ngakhale ikusokosa. Kovulalako ndakaika m'mbale yanu yagalasi pawindo, musataye madziwo poyesa kuti ndi otsukira. Pepani, ndowa yanu yochapira ndatenganso osapempha. Nsomba sizikanapita m'thumba la jekete.

Ndibwera isanakwane folo. Mukafuna kukalipa mudzakalipe, ine ndidzamvetsera monga mwa masiku onse. Koma m'thanki muja simulowanso nsomba yomwe sindinaione pakamwa. Ngati zofiirazo mukuzifunabe, mugule thanki yanuyanu yaikulu. Ndidzakuthandizani kunyamula.

Ndine,
Apongozi anu