Chulu cha M'munda wa Nandolo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno tilipo. Lero ndili ndi nkhani yoti sindingagone nayo, koma mukundidziwa ine Enelesi wanu, ndimayambira kutali, ndiye mungopirira.

Mvula yachitatu yadutsa chitisiyireni. Chimanga chaka chino tapeza chochepa chifukwa mvula inadula ngaiyaye zitangotuluka, koma nandolo wabereka mochita kuweramitsa nthambi. Chinangwa chija munabzala kumunsi kwa phiri la Michesi mbewu yake sitinataye. Mbuzi yanu yoyera yaswanso ana awiri, ndipo mwano wake sunathe, Lamulungu lapitali inalowa m'tchalitchi kwaya ili pakati pa nyimbo. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo. Amuna anga akuti afolera mawa, ndipo mawa limeneli layamba kalekale, Pasaka asanafike.

Mukukumbuka kuti ndinkathandiza a zaumoyo kuyeza ana kusikelo, inu n'kumandiseka kuti ndine dokotala wopanda jakisoni? Chaka chatha kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Blantyre. Akufuna kudziwa ngati foni ya m'manja ingathandize anthu okhala kutali ndi chipatala ngati ife. Anasankha odzipereka m'midzi ingapo, aliyense n'kumupatsa foni ndi kasola kotchajira. Inu mafoni munkangowaona m'manja mwa ogula nandolo pa Chiringa, n'kumati anthu olankhula okha panjira kale tinkawamanga. Lero mwana wanu ndiye akulankhula yekha.

Ntchito yake ndi iyi. Mayi akakhala woyembekezera ndimamulemba, n'kutumiza uthenga kwa anamwino. Dzina sitilemba, timalemba nambala. Akamva mutu, kapena miyendo ikatupa, ndimatumizanso, anamwino n'kuyankha pompo chochita. Kale funso limodzi lotere linkadya tsiku lathunthu panjinga.

Vuto linali netiweki, mphepo ija imanyamula mauthenga. Mudzi wathu phiri limautchinga. Ndinazungulira paliponse nditakweza foni m'mwamba, kudambo, kumanda, kuseri kwa sukulu, mpaka ndinapeza malo amodzi okha: pamwamba pa chulu cha m'munda wanu wa nandolo, chija munakaniza amalume kuti asagumule n'kuumba njerwa. Ndinasekera pomwepo ndekha, ndikuti amayi aja ankadziwa kanthu.

Koma apa m'pamene ndinapusa. Ndikatuluka m'nyumba ya munthu ndinkalunjika kuchulu, ndipo chulucho chimaonekera mpaka kumjigo. Amayi otunga madzi sankafunika kuuzidwa. Walowa kwa uje, wakwera chulu, ndiye kuti kwa uje kuli kanthu. Mwezi usanathe zitseko zinayamba kutsekeka ndikamayandikira. Wina nditaodira anandiyankha ali m'nyumba kuti iyeyo kulibe, wapita kuchigayo.

Sindinawakwiyire, Amayi, chifukwa amene munatiphunzitsa zimenezi ndinu. Munkati pakati sauza anthu, pamaoneka pokha, ndipo wodziwa msanga ndi amene amamanga. Tikafunsa kuti amamanga bwanji munkatembenukira ku Chilomwe, ife n'kudziwa kuti nkhani yatha.

Tsono m'gulu la onditsekera chitseko munali Felesita, mng'ono wanga weniweni, chitsiriza wanu. Mwana wake woyamba uja munamuika nokha m'manda asanalire n'komwe. Wachiwiri anapita padera chaka chimene munatisiya. Ulendo uno ndinaona ndekha kuti ali ndi pakati, chifukwa anayamba kudana ndi fungo la usipa ndipo chitenje ankamanga m'mwamba. Nditamufunsa tikutola nkhuni, anandiyang'ana ndi maso anu aja.

“Achemwali, mukangokwera chulu chija chifukwa cha ine, ubale wathera pomwepo.”

Ndinachita mantha, ndisakunamizeni. Kumusiya, ndikuopa kuikanso kachitatu. Kumulemba, mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe.

Nzeru inandibwerera ndikupalira. Ndinati anthuwa amawerenga chulu chifukwa ndimakwera pakakhala nkhani. Nanga nditamakwera tsiku lililonse? Ndinayamba mawa lake. Dzuwa likafika paliwombo, khasu pansi, ine pachulu, kaya pali uthenga kaya palibe. Masiku ena ndinkangodinadina foni yozima, nkhope ili yolimba ngati ndikulankhula ndi boma. Mvula inandinyowetsa, linthumbu linandiluma, amuna anga anayamba kuuza anzawo kuti anakwatira mlonda wa chiswe. Poyamba a kumjigo ankaloza n'kumanong'onezana, koma analoza mpaka mkono unatopa. Patapita masabata angapo, wondiyang'ana anatsala mbuzi yanu yokha, imene inazolowera kukwera nane.

Ndiye anayamba kubwera okha. Wina ankandinong'oneza pamzere wa kuchigayo, wina potuluka m'tchalitchi, n'kudutsa ngati sitinalankhule. Ine ndinkasunga mumtima mpaka nthawi yanga ya chulu. Felesita anabwera pakati pali miyezi isanu, akunamizira kudzabwereka lichero, ndipo analankhula atayang'ana kukhoma kuti ndimulembe.

Mayi wamkulu wa anthu a kafukufuku aja atabweranso, anafuna kudziwa chifukwa chake amayi a m'mudzi mwathu akulembetsa msanga pamene m'midzi ina akubisala. Ndinamutengera kumunda. Anakwera chulu ndi nsapato zake za m'tauni, n'kutsika ndi matako, koma cholembera sanataye. Anandiuza kuti kuofesi anaganizira za mabatire, za netiweki, za anthu osadziwa kulemba, koma za maso a kumjigo palibe amene anaziganizira. Analemba zonse m'kope mwake, ati akauzenso odzipereka a m'midzi ina. Tangoganizani, Amayi, ine wa Sitandade 8 kuphunzitsa anthu a ku yunivesite. Ndinayenda modzimva sabata yonse.

Tsopano khalani pansi, chifukwa apa ndi pamene ndinakulakwirani.

Pakati pake pali mwezi wachisanu ndi chitatu, ndinapeza Felesita atakhala pakhonde akusenda chinangwa, mapazi atatupa moti patapata sankalowa. Nkhope nayo inali yodzadza. Nditamupanikiza anavomera kuti mutu ukumuwawa masiku atatu, ndipo nthawi zina amaona tinthu tothwanima m'maso. Anandiletsa kulemba. Anati inunso mapazi ankatupa koma munatibereka, ndipo iye sangakagone kuchidikiro cha kuchipatala kuti mudzi wonse uziwerenga masiku ake, pamene wasunga chinsinsi mpaka apa. Anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa pa dzina lanu. Ine ndinangoti chabwino.

Dzuwa litafika paliwombo ndinakwera monga mwa masiku onse. Ndinaima nthawi yaitali foni ili m'manja, mawu anu ali m'khutu, Chilomwe chokhachokha. Kenako ndinalemba nambala yake, mutu, mapazi, maso, n'kudina. Yankho linafika ndisanatsike. Anamwino anati abwere lero lomwe, asadikire mawa, galimoto ikatipeza pamsewu waukulu.

Alamu, amuna a Felesita, anabwereka njinga yokoka kangolo ka odwala ija. Felesita anakwera atafunda chitenje kumutu, anthu ataima m'makomo akuonerera. Chimene ankaopa chija chinachitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo wochititsa ndinali ine. Kuchipatala atamuyeza anapeza magazi akuthamanga kwambiri. Anamwino anandikokera pambali n'kundiuza kuti tikanachedwa akanayamba kukomoka, ndipo mwina tikanataya onse awiri. Ndinakhala pansi pasimenti.

Mukuganiza kuti anandithokoza? Mwana wanu uja? Masabata awiri anakhala kumeneko osandiyankha ngakhale moni. Ndikapalasa njinga ndi chakudya, ankalandira kudzera kwa amuna ake, ine n'kudikira mbale panja ngati mlendo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo pobwerera ndinkalira panjira. Koma ndinkati bola azindida ali moyo.

Madokotala ataona kuti magazi sakutsika, anamuchita opaleshoni. Amayi, ndi mtsikana! Wamng'ono, wopepuka ngati mtolo wa masamba, koma mawu ndiye anu enieni. Analira mpaka ife okhala panja tinamva, alamu n'kuyamba kuvina tchopa pakhonde la chipatala opanda ng'oma, alonda akuwaseka. Ine ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Felesita anadzuka bwino, bala likupola, ndipo anatuluka sabata yatha. Komabe kwa ine anali chete.

Mchombo unagwera kuchipatala konko, koma zotulutsa mwana m'chikuta tinasunga kuti tichitire pakhomo. Mukudziwa kuti imeneyi inali ntchito yanu: kumumeta tsitsi loyamba, kumusambitsa, n'kumutulutsa pakhomo kuti abale amuone. Ine ndinkadziwa kuti aitana azakhali a ku Mkhumba, moti lero m'mawa ndinatenga khasu kuti ndisaoneke wodikira. Ndili panjira, alamu anandithamangira kuti ndikufunidwa.

Ndinapeza abale atakhala pabwalo, azakhali ali pomwepo. Ndinalowa m'nyumba. Felesita anali pamphasa, beseni la madzi ofunda ndi lezala zili pambali. Anatambasula manja n'kundipatsa mwana.

“Amayi kulibe, achemwali. Munamuulula ndinu asanabadwe, ndiye malizani ntchito yanu. Kamuonetseni dzuwa.”

Kumeta anandithandiza azakhali. Koma pakhomo ndinamutulutsa ndine, nthungululu zili wawawa, iye atatsinzina chifukwa cha kuwala, akukalipa ndi timanja take. Chibadwire sindinasangalalepo chotero.

Amayi, ndinalumbira pa dzina lanu n'kuphwanya, ndipo lamulo lanu ndinaliswa mudzi wonse ukuona. Ndakuuzani ndekha kuti musamve kwa ena. Sindikukuimbani mlandu. Munabisa mimba zisanu ndi zinayi, tinakula atatu, ndipo munkatiteteza ndi chimene munali nacho m'manja. Ine m'manja mwanga munali china, ndiye ndinagwiritsa ntchito. Ndikudziwa kuti mukanandikalipira, koma ndikudziwanso kuti lero mukanalanda mwanayu osampatsa wina aliyense mpaka madzulo.

Ndikukulonjezani kuti ndidzamuyang'anira monga mukanachitira inu. Adzadziwa dzina lanu, adzamva ndi Chilomwe chanu chokalipira chija. Ndipo tsiku limene adzadwale, kaya iye kaya mayi ake, sindidzakhala chete, ngakhale andilumbiritsenso.

Ndimakukondani, ndipo lero ndakusowani kuposa masiku onse.

Ndine mwana wanu,
Enelesi