Mnzawo wa Ababa wa ku Botaniki

Falls, Lilongwe

Okondedwa achimwene Shafiq,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Durban kumeneko, inu, alamu anga ndi ana. Chifuwa cha Mukhtar chija chinatha? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ana akupita kusukulu, bambo awo akadali ku Beira ndi thiraki ya abwana awo, ine ndili pa benchi yanga ya zitenje mumsika monga mwa masiku onse. Kunja kwatentha ndipo fumbi lili paliponse.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Pafoni mumandidula mawu, achimwene. Ndikamati ndiyambe, inu mwagamula kale. Ndiye ndati ndilembe, Kenani wa basi uja akupatseni pamanja, muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye. Nkhani ndi ya ababa.

Mukudziwa kuti sitiroko itawagwira chaka chatha, adokotala anati mankhwala okha sakwanira, aziyenda. Kunena n'kosavuta. Ayenda kuti kuno ku Falls? Inu munachoka njinga zamoto za kabaza zisanachuluke. Lero munthu wa miyendo yabwinobwino amachita kudumphira m'ngalande pozithawa. Tsiku loyamba nditawatulutsa, njinga ina inagunda ndodo yawo, ndodoyo n'kuthera m'matope. Anabwerera m'nyumba, ndipo anakana kutulukanso.

Evelina, mnzanga wa benchi yoyandikana ndi yanga, ndi amene anandiuza za ku Botaniki, munda wa mitengo uja wa ku City Centre, kumunsi kwa Capital Hill. Anati kulibe galimoto, kuli mthunzi ndi mabenchi. Ndinayamba kupita nawo Lamulungu lililonse m'mawa, pakuti ndi tsiku lokhalo limene malonda amachepa.

Ulendo wake musauone ngati wapafupi. Kuwakweza minibasi ndi ntchito, kuwatsitsa ndi ntchito inanso. Mwendo wamanzere uja umachita kufuna kuunyamula ndi manja, kondakitala akumenya chitseko kuti tifulumire, anthu akung'ung'udza. Pofika pageti ine ndimakhala nditatha kale.

Ababa malowo sanawakonde. Anayang'ana ana asukulu akuwerenga pansi pa mitengo, ena akupemphera mofuula m'tchire, a ukwati akujambulitsa zithunzi pa udzu, n'kundifunsa ngati ndawasandutsa mbuzi kuti ndiziwabweretsa kudzaona masamba. Tinkayenda pang'ono, iwo n'kuima. Ine ndinkatsogola, n'kuima, n'kuwadikira. Mutu wanga unkakhala ku zochapa zimene ndasiya kunyumba, ndi mtsikana amene ndamusiyira benchi. Miyezi yoyamba inatha choncho, iwo akudandaula, ine ndikudziletsa kuti ndisawayankhe.

Tsiku lina tinalimbirana benchi ndi mayi wina wachikulire. Ababa ankachokera uku ndi ndodo yawo, mayiyo ankachokera uko ndi yake, onse maso pa benchi imodzi ya pamthunzi. Anafikapo nthawi imodzi. Ababa anati iwo ndi amene anayamba kuiona. Mayiyo anati akanakhala kuti kuona ndi kukhala, bwenzi iye atakhala kalekale ali kugeti. Ababa anaseka. Achimwene, chimwalirire amayi, zaka ziwiri tsopano, ndinali ndisanamve kuseka kumene kuja.

Dzina lawo ndi mayi Esnati. Ndi amasiye, kwawo ndi ku Nathenje, koma amakhala ku Area 14 kwa mwana wawo Deborah amene amagwira ntchito ku Capital Hill. Maondo awo anatha ndi nyamakazi, nawonso anauzidwa kuti aziyenda. Deborah ankawasiya pageti, iye n'kutsala m'galimoto akugwira ntchito za kuofesi.

Sabata yotsatira tinawapezanso. Kenako anayamba kuyendera limodzi. Ababa anasiya kudandaula. Loweruka madzulo ankandifunsa ngati mkanjo wawo woyera uja ndasita. Anayamba kupempha okha kuti Levison wometa uja abwere adzawakonze ndevu. Chakudya ankamaliza. Titapita kuchipatala, adokotala anawayendetsa m'khonde n'kundifunsa kuti tasintha chiyani.

Zonsezi ndinkaziona, ndipo sindinaone choipa. Iwo akanyamuka awiriwiri kulowera kumtsinje, ine ndinkayala chitenje pa udzu n'kugona. Tulo timeneto ndi tokhato timene ndinkagona popanda wina kundiitana dzina.

Zinasokonekera Lamulungu lotsatira chikondwerero cha Idi. Azakhali a Shamima anati chaka chino tisangokhala m'nyumba, titengeko ana kukapitidwa mphepo, akaonenso kumene achimwene awo akuchirira. Tinadzuka m'mamawa kukazinga samusa, tinaphika mpunga wa nyama, tinanyamula mikeka ndi mafulasiki. Tinapita gulu, ana anga, ana a msuweni wathu Sakina, azakhali ndi ababa. Ana ankathamangitsana pa udzu, azakhali anavula nsapato n'kutambasula miyendo, akuti samadziwa kuti mu Lilongwe muli malo opanda phokoso chonchi. Tsikulo linayamba bwino ndithu.

Ababa anati akukawongola mwendo. Patapita kanthawi anatulukira m'kanjira ka pakati pa mitengo ali ndi mayi Esnati. Mayiwo anali atachokera kutchalitchi, atavala chitenje cha kumpingo kwawo. Ababa dzanja lina ndodo, dzanja lina atanyamula chikwama cha mayiwo.

Azakhali anasiya kutafuna. Amvekere, "Achimwene, chikwama icho ndi cha ndani?"

Ababa anayankha mosatekeseka kuti ndi cha anzawo oyenda nawo, mapewa akuwawawa. Mayi Esnati anapereka moni mwaulemu kwa aliyense, mpaka ana. Ababa anawakhazika pamkeka, n'kutenga mbale yamaluwa ija imene amayi ankadyeramo, kuikamo samusa, kuwapatsa. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe za mbaleyo. Inali pamwamba pa zinzake basi.

Azakhali anavala nsapato. Anayamba kulongeza mapoto anthu asanamalize kudya. Anati iwo sanabwere kudzaonerera manyazi, mlamu wawo sanaiwalike n'komwe koma mbale yake ikudyera kale munthu wa kumpingo. Ananena mokweza, anthu a mkeka woyandikana nafe mpaka anatembenuka. Mayi Esnati anaika mbaleyo pansi bwinobwino, anathokoza, anatenga chikwama chawo n'kumapita. Kuchoka kwawo kunatenga nthawi chifukwa cha maondo aja, ndipo tonse tinkangowayang'ana kumsana.

Zotsatira mukuzidziwa, chifukwa azakhali anakuimbirani tsiku lomwelo. Inu munandiimbira ine. Munati ndawachititsa manyazi ababa, anthu a kumzikiti amva, ndisadzawatengerenso kumeneko. Ndinayesa kufotokoza, inu munati mukulowa ntchito.

Ndinakumverani. Ababa ndinawauza zoona, kuti mwana wawo wamkulu waletsa. Anangoti chabwino.

Kuyambira pamenepo anabwerera pampando wawo wa pawindo. Ndinayesa kuwayendetsa kuzungulira nyumba, anati chizungulire. Ndinati tipite malo ena, anati mitengo ndi imodzimodzi. Chakudya chinayamba kubwerera. Mwendo unaumanso, mwakuti kupita kubafa ndinayambiranso kuwagwira m'khwapa ngati miyezi yoyamba ija. Azakhali anabwera kamodzi kudzawaona, anati ndi ukalamba, n'kubwerera kwawo. Wowanyamula ndinatsala ine.

Lamulungu lapitali ndinapita kumsika m'mawa, pakuti kunalibenso kwina kopita. Dzuwa litakwera, mwana wanga wamkulu anandiimbira kuti agogo sakuoneka, ndodo palibe, mkanjo woyera palibe. Ndinasiya benchi osatseka. Ndinathamangira kumzikiti, kunalibe. Ndinapita kwa atelala anzawo akale ku Malangalanga, anati sanawaone. Ndinayamba kuyang'ana m'ngalande za m'mbali mwa msewu, achimwene. Mungaganize nokha zimene zinali m'mutu mwanga.

Ndili panjira yopita kuchipatala kukafunsa, foni inalira. Anali Deborah. Nambala yanga anaitenga kale pamene anadzagula chitenje. Anati bambo anu ali kuno, musadandaule, koma bwerani.

Ndinawapeza pa benchi ija. Mkanjo unali fumbi lokhalokha, bondo litasupuka, magazi ataumira pa mwendo. Anakwera okha minibasi, ndipo potsika anagwa. Anthu anawadzutsa, iwo n'kupitiriza mpaka kukafika. Mayi Esnati anali pambali pawo atawagwirira kofiya. Ndinkafuna kukalipa. Ndinangokhala pansi pa udzu.

Deborah anadzakhala nane. Tinali tisanachezepo, kupatula moni. Anandiuza kuti nayenso alongo ake awiri ali kunja, ndipo atamva kuti amayi awo akuyenda ndi bambo wachisilamu anamulalatira pafoni. Ababa atasiya kubwera, iye anati zathera pomwepo, wapuma. Koma amayi ake ankaumirirabe kubwera Lamulungu lililonse, n'kumangokhala pa benchi osayenda ngakhale pang'ono, kenako n'kunena kuti tiyeni kunyumba. Maondo anatupanso. Amvekere, "Asisi, ine ndatopa. Olamula ali kutali, onyamula ndife."

Ndinamuyang'ana mayi wa ku ofesi uja, wa galimoto yake ndi nyumba ya mpanda, maso ake ali ofiira ngati anga. Tinaseka, kenako tonse tinalira pang'ono, kenako anatitengera kunyumba pa galimoto yake.

Madzulo ake ndikuwatsuka bondo ndinawafunsa ababa mosabisa. Ndinati kodi mayi aja mukufuna kuwakwatira? Ngati ndi choncho nenani, tidziwe chochita.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati ukwati ndi mwendo uwu? Anati malo a amayi athu palibe amene akuwafuna, ndipo mayi Esnati nawonso ali ndi amuna awo kumanda ku Nathenje amene amawatchula tsiku lililonse. Anati iwo amaswali kumzikiti, anzawowo amapita kutchalitchi, ndipo palibe anapemphapo mnzake kuti asinthe.

Ndinati nanga mukudzivulaziranji chonchi?

Mawu amene anayankha ndikulemberani momwe anawanenera. "Hasina, nonsenu mukamayenda nane mumandidikira. Iwe umatsogola, umaima, umayang'ana foni, kenako umandiyang'ana ine. Ulendo wonse ndimaona msana wako. Sindikukudandaula, uli ndi zambiri. Koma awo aja sandidikira, inenso sindiwadikira. Timangofika limodzi."

Ndinawafunsa kuti amakambirana chiyani nthawi yonse ija. Anati za Lilongwe wakale, pamene ku City Centre kunali thengo. Za matenda awo. Koma makamaka za akufa awo. Anati, "Iwo amandiuza za amuna awo, ine ndimawauza za amayi ako. Inu ana ndikangotchula amayi anu mumasintha nkhani, mumaopa kuti ndilira. Nanga ndikalira chimaonongeka n'chiyani?"

Ndinamanga bondolo, ndinawapatsa mankhwala, ndinakatsuka mbale.

Tsopano achimwene, ndikukuuzani ndisanachite, kuti musadzati ndinakubisirani. Bondo likangopola ndiyambiranso kupita nawo. Tagwirizana ndi Deborah kuti azitidzera pa galimoto, za minibasi zithe. Sindikuchita mwano. Ndinu wamkulu, ndipo thandizo limene mumatumiza ndimaliyamikira. Koma thupi la ababa mumalimva pafoni, ine ndimalinyamula. Msana wanga wafika pothera. Akasiya kuyenda agona pamphasa, ndipo akagona sindidziwa ngati ndidzakwanitse.

Ndikupemphani zinthu izi. Muwaimbire azakhali, muwalankhule modekha. Ine sandimvera, amati ndine mwana. Ndikudziwa kuti amayi anali mnzawo wapamtima ndipo mbale ija inawapweteka. Ndaichotsa, ndaisunga m'kabati. Koma asiye kunena nkhaniyi kumzikiti ndi m'maliro, ababa ndi munthu waulemu wake.

Muwaimbirenso ababa. Osati kuwafunsa ngati amwa mankhwala, zimenezo ndimafunsa ine. Muwafunse za amayi. Akayamba kulira musadule foni.

Ndipo ngati mtima wanu ukukanabe, bwerani mwezi wa Disembala, mudzawatenge nokha Lamulungu limodzi. Mudzakhale pa udzu muwaone akuyenda. Mukadzaona choipa, mudzawaletse pamaso pawo, osati kudzera mwa ine.

Chomaliza ndi nsapato. Zawo zija zatha chidendene mbali imodzi chifukwa cha kukoka mwendo, n'zimene zinawagwetsa. Kenani akamabwerera mumupatsire zofewa, zopanda zingwe, zoti azivala okha. Musavutike kufunsa sayizi, phazi lawo ndi lanu ndi limodzi. Muziyese inuyo m'sitolo momwemo, muyende nazo pang'onopang'ono, mukaona kuti sizikupweteka ndiye kuti ndi zomwezo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Mukhtar ndi kwa khanda limene sitinalionebe. Ana kuno akuti moni kwa amalume. Ababa sakudziwa kuti ndalemba, ali pakhonde mwendo uli pampando, akufunsa ngati mkanjo wauma. Allah akusungeni kuntchito ndi m'misewu ya kumeneko, ndipo atikumanitse tonse tili moyo.

Ndine mlongo wanu,
Hasina