Mlandu wa mphaka wa a Tembo

Lachinayi madzulo. Kwatentha, koma mtima wakhala pansi.

Ine mwini thupi lino, mphunzitsi wa digiri yathunthu, ndikusumira mphaka wa a Tembo, aneba athu kuno ku Garneton. Masabata awiri apitawo anandikanda padzanja pamene ndinkamuchotsa m'khola la anapiye. Lolemba posamba ndinapeza chotupa kukhwapa, kukula ngati nzama. Mkulu wanga Esinati zinamuyamba chonchi, mpaka anamuchotsa bere. Ndinauza alamu anga okha, iwo n'kuthamangira kukawotcha mthiko kuti andithowe. Ndinakana mwaulemu.

Lero ma 10 hours ndinali kuchipatala ku Kitwe. Adokotala apapasa chotupacho, aona chipsera chija, ndiye akuti, "Mayi, uyu ndi mwanabere. Kupatula magazi, m'thupi mumayenda timadzi toyera m'timitsempha takenso. Timadzito timatola tizilombo pachilonda n'kukatisiya mu timfundo ta kukhwapa, momwe ndi mosefera. Asilikali a thupi akachulukana mmenemo kuti amenye nkhondo, kamfundo kamatupa n'kumawawa."

Andiyezanso mabere, sanapeze kanthu. Ati mwanabereyo akapanda kuphwa pakatha mwezi, kapena akayamba kulimba, ndibwerere msanga. Ndalemba pakalendala.

Ndiye kuti ndakhala masiku atatu ndikugawa zitenje zanga mumtima, chikhalirecho thupi likungogwira ntchito yake osandiuza.

Chigamulo changa nachi. Mphakayo andibwezere tulo ta masiku atatu, andigwirire makoswe khumi, kenaka Lamlungu adzapepese yekha pamaso pa kwaya yonse, atavala tayi.