Mlandu wa poto sunaweruzidwe

Wokondedwa mng'ono wanga, Make Mapasa,

Amene akulankhula ndine mkulu wako, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ngati a kuchipatala analemba zoona pa khadi. Dzanja lolemba ndi la mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana nafe. Ndamuuza kuti alembe mmene ndikunenera, asakonze, ndipo akayamba kuseka ndizimudikira.

Kodi uli bwanji ndi msana uja? Nanga alamu, chifuwa chinaleka? Kuno tilipo. Miyendo ndiyo imatupa madzulo, ndipo masitepe a nyumba ino sanachepe, akadali makumi awiri ndi imodzi. Msewu wathu anaukumba kuti aike mapaipi, okumbawo n'kupita osabweranso, moti fumbi likulowa mpaka m'kabati. Mwana wanga ntchito ya magetsi ikumuyendera, amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa.

M'kalata yapita ija ndinakuuza kuti ukonzetse denga la nyumba yanga, ndikubwera mwezi ukatha chifukwa mpongozi wanditopetsa. Tsono khala pansi umve zimene zachitika.

Chibwerere kuno zaka ziwiri zapitazo, nkhani yanga ndi mkazi wa mwana wangayu ndi imodzi: satha kutsuka. Amatsuka mothamanga, maso ali pa wotchi, chifukwa ku sitolo ya nsalu kumene amagwira ntchito amatsegula molawirira. Mbale akangoiviika m'madzi a sopo, kuitembenuza kamodzi, basi yayera. Ine sindinkamunena. Ndinkangodikira avale nsapato, ndiye n'kutsitsa zonse pa shelefu n'kutsukanso. Nthawi zina sindinkadikira n'komwe. Mawu pakati pathu anatha pang'onopang'ono, mpaka kunatsala moni wa m'mawa, nayenso wouma. Chakudya anayamba kundibweretsera kuchipinda pa thireyi. Ndipamene ndinalongedza chikwama. Mwana wanga anandichonderera kuti kwathuko chipatala chili kutali, ndikadzagwa adzanditola ndani. Ine ndinati kuli bwino ndikagwere kwathu.

Lachiwiri lina ndinapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Namwino anandimanga chija pamkono n'kundifunsa za kunyumba. Ndinayamba kufotokoza za mpongozi makina ali mkati mowerenga. Anayang'ana manambala, anayang'ana ine, n'kunena kuti tiyesenso koma ndikhale chete. Titatha anati kumapeto kwa khonde kuli chipinda cha mlangizi amene amamva nkhani za m'mabanja, ndipiteko Lachinayi.

Ine ndinkayesa ndi bwalo la milandu, ndipo mtima unakhala pansi. Lachinayi ndinavala diresi langa la maluwa lija, ndinatenga ndi umboni womwe: poto wamkulu amene mpongozi anatsuka dzulo lake, mpunga wopserera ukadali pansi, ndi makapu awiri a mizere ya tiyi. Ndinaika m'thumba n'kukwera nazo basi, zikulira njira yonse, anthu akundicheukira.

Mlangiziyo ndi mayi wa magalasi, wamng'ono kwa mwana wanga. M'chipindamo muli mipando iwiri yokha, katebulo, ndi kabokosi ka mapepala opukutira misozi. Ndinafunsa kuti woimbidwa mlandu azikhala pati. Anati kuno kulibe woimbidwa mlandu. Ndinatulutsa poto n'kumuika patebulo. Ndisamunamizire, anamuyang'ana bwinobwino, n'kuvomera kuti ndi wosayera. Ndinati eya, tsono lembani. Sanalembe. Anangondifunsa kuti agogo, inuyo mukufuna chiyani.

Ndinati ndikufuna mtsikana uja asinthe. Anati mtsikanayo mulibe muno, tili awiri tokha. Ndinati ndingathe kubwera naye Lachinayi linalo, ngakhale mochita kumukoka. Anati ngakhale atabwera, munthu amene ine ndingamuyendetse ndi mmodzi yekha, amene wavala diresi la maluwa. Ndinayang'ana diresi langa. Mng'ono wanga, ndinakwera basi poto ali pamiyendo kuti ndikauzidwe zimenezo?

Ndinayamba kumufotokozera kuchokera pachiyambi, tsiku limene mwana wanga anabwera ndi mtsikanayo koyamba. Anamvetsera ndithu, kenaka anati zakalezo palibe angazisinthe, tikambe za sabata ino. Anafunsa chimene ndimachita mpongozi akatsuka. Ndinati ndimatsukanso. Anafunsa kuti kangati, ndinati tsiku lililonse. Ndiye anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa njira, kuti pa zaka ziwirizi mpongozi wayamba kutsuka bwino kodi. Ndinati ayi, akungonka naipira. Anafunsanso ngati kutsukansoko kukundifikitsa pafupi naye kapena kutali. Ndinamuuza kuti ine sindinabwere kudzafunsidwa mafunso ngati mwana wa sukulu, kusukuluko sindinapondeko ndi kale lomwe.

Ndinati mtsikanayo ndiye amandikwiyitsa. Iye akuti mkwiyo umabwera wokha, koma kutsitsa mbale pa shelefu ndimachita kusankha ineyo. Mawu oti kusankha anawatchula kasanu ndi kawiri, ndinkawerenga ndi zala. Umve ngati ndili pamsika pa mulu wa tomato.

Kenaka anabwerera ku funso loyamba lija. Akuti mbale zonse zitayera mpaka kuwala, ine n'kumadyerabe kuchipinda ndekha, ndingati ndapeza chimene ndikufuna? Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ndikufuna kudya patebulo ndi anthu, ndiponso kuti wina azindifunsako kanthu, ngakhale kungofunsa ngati mchere wakwana. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Anandikankhira kabokosi kaja. Ndinakabweza, ndinali ndi mpango wanga.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti sanandiuze chochita. Mlangizi wotani wosalangiza? Anati ndinene ndekha chinthu chimodzi chaching'ono chimene ndingachite osadikira wina. Pofuna kuti andimasule ndizipita, ndinati chabwino, masiku atatu sinditsukanso mbale zotsuka iye. Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati tiona. Anabwerezanso kuti liti. Ndinati Lolemba. Apa m'pamene analemba. Poto ndinabwerera naye.

Masiku atatu amenewo, mng'ono wanga, kubereka kunali kwabwinoko. Tsiku loyamba ndinakhala pampando wa pabalaza, manja nditawakhalira. Kuchokera pamenepo ndinkaona kapu ina ya mafuta m'mphepete ikundiyang'ana. Tsiku lachiwiri ndinamwera tiyi m'kapu yomweyo nditatsinzina. Sindinafe.

Tsiku lachitatu mpongozi anatsuka, anavala nsapato, anafika pakhomo, n'kubwerera. Anaima n'kumandiyang'ana. Anandigwira pachipumi. Anafunsa ngati ndamwa mankhwala, ndinati ndamwa. Analowa kuchipinda, ndipo ndinamumva akuimbira foni mwamuna wake monong'ona kuti abwere msanga, amayi sali bwino, masiku atatu sanakhudze mbale. Mwana wanga anasiya mawaya a eni ake ali lendelende pakhoma, anafika ndi galimoto ya hayala, thukuta lili kamukamu, akuti amayi tiyeni kuchipatala.

Ndinachita kuulula zonse, ndi za poto zomwe. Mwana wanga anaseka mpaka kukhala pansi pasimenti. Mkazi wake sanaseke. Anati zaka ziwiri zonsezi, akamva mpopi ukutsegulidwa iye akadali pamasitepe, ankapita kuntchito akudziwa kuti m'nyumba mwake momwe iye ndi wauve. Thireyi ija akuti ankabweretsa poganiza kuti ndimanyansidwa kudya naye. Ndinati si wauve, ndi wothamanga chabe. Anati nanga bwanji osangomuuza. Ndinati ndinkaopa kumulakwira. Apa ndiye anaseka, misozi ikutsika.

Tsopano ndikudya patebulo. Koma usaganize kuti zonse zatha. Poto uja akadali momwemo, ndipo tsiku lina manja anandilaka, ndinatsukanso masupuni awiri. Nditakamuuza mlangizi, ndinkayembekeza kuti andikalipira, apo ayi andiuza kuti palibe kanthu. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangofunsa kuti tsono sabata ino ndichita chiyani. Mayi ameneyu adzandipha ndi mafunso.

Denga lija lisiye kaye, chikwama ndamasula. Pempho langa ndi limodzi: kalata yapita ija, imene ndinanenamo zambiri za mpongozi, usaiwerengerenso anthu. Uiponye pamoto.

Upereke moni kwa alamu, kwa mapasa ndi akazi awo, kwa mkazi wa malemu mlongo wathu, ndi kwa azakhali, uchite kuwakuwira kukhutu lakumanja.

Pali kanthu kamodzi kamene kakundizungulira m'mutu chichokere kwa mayi wa magalasi uja. Chaka chija unadzakhala kwanga uli ndi pakati pa mapasa, tinagwirizana kuti ukhala mpaka uchire. Unachoka mwezi usanathe, n'kunena kuti wapukwa kwanu. Dzana ndakumbukira kuti zovala zimene unkachapa ndinkazichotsa pachingwe n'kuzibwezera m'beseni, iwe uli pakhonde ukuona. Zaka makumi anayi sunanenepo kanthu. Undiyankhe kalatayi, ndipo usandinyengerere: unachokeranji?

Ndine mkulu wako,
Make Wamagetsi