Amadu Sindinampeze

Okondedwa achimwene,

Salaamu aleikumu. Kuno ku Nsanama tonse tikudzuka bwino, kaya inu ku Joniko.

Ndabwerako ku nyanja yamchere kuja, koma mng'ono wathu Amadu sindinampeze. Mnzake wa padoko anandiuza kuti anamwalira ndi chifuwa m'dzinja, ndipo Asilamu anzathu anamuika mwaulemu. Posowa chochita nane, mnzakeyo ananditengera ku linga lakale la Apwitikizi, kumene tsopano amaonetsako zinthu zamakedzana.

"Amadu ankakonda kukhala apa," anatero, akuloza mzinga wankhondo woyang'ana kunyanja.

Ndinakhalapo nanenso. Chitsulocho chinali chotentha, basi. Misozi sinabwere, mpaka lero.

Amayi sindinawauze, akumulimirabe munda wake. Chonde pemphani tchuthi mubwere, tidzawauze tili awiri.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Saidi