Mpando wa galimoto unakana kusuntha

Mwana wanga Saidi,

Akulemba pano ndi mwini galimoto yekhayo m'mudzi muno, choncho uwerenge utaimirira. Kuno ku Lungwena tili bwino, Alhamdulillah, kaya iwe ku Joniko?

Galimoto yakale unatumiza ija ikutithandiza, zikomo. Koma Lachiwiri mpando wake wamagetsi unakanirira kumbuyo, miyendo yanga yaifupiyi osafika pa buleki, amayi ako akudikira kupita kuchipatala. A Twaibu okonza magalimoto anaona fyuzi, ili bwino. Atasuzumira pansi anapeza khoswe wazula waya, n'kulumikiza. Kuchipatala tinafika nthawi yabwino.

Uwagulire a Twaibu chipewa cha kumeneko. Mulungu akusunge.

Za khoswezo ndapeka. Wayayo ndinazula ndine, pobisa pansipo chitini cha shuga amene adokotala anandiletsa. A Twaibu sanaulule, nawenso usawauze amayi ako.

Ndine bambo ako