Chitsulo cha ku Petauke chandithetsela ukwati

Okondedwa Amai aang'ono,

Ndikhulupilila kuti muli bwino kumeneko ku Kitwe. Kuno tonse tili moyo, koma ine mtima wasweka, chifukwa ukwati wanga ndi Yotamu sudzachitikanso.

Nditabwela ku holide kuchokela ku yunivesite, ndinayamba kuphunzila gule wovina pa chitsulo choimika, m'kaholo kena ku Petauke. Ndi maseŵela ofuna mphamvu, ndipo timakhala akazi okhaokha. Pa phwando la mnzathu amene akukwatiwa, wina anandijambula pa foni ndili m'mwamba, miyendo itakola chitsulo, ndipo vidiyoyo inafika kwa amai ake a Yotamu ku Ndake.

Mailo amaiwo anabwela kwathu ndi ankhoswe komanso Yotamu. Ndinagwada mwaulemu, koma sindinapepese. Ndinawakumbutsa amai ake a Yotamu kuti iwo omwe anali pakati pa alangizi amene anandiphunzitsa kudula chiuno ku chinamwali, akuomba m'manja. Anayankha kuti, “Mwanawe, chiuno chija tinakupatsa n'cha mwamuna wako, si cha foni.”

Mawu amenewo ndikanawapilila. Chimene chandipweteka ndi Yotamu, amene ankandipelekeza yekha pa njinga kukaholoko. Atafunsidwa ngati ankadziŵa za guleyo, anayang'ana pansi n'kunena kuti ayi.

Ndikupemphani muimbile Amai, chifukwa sakupita kuchalichi poopa maso a anthu. Koma musatume munthu kukandipepesela ku Ndake. Ngakhale atandikhululukila, sindingakhale ndi mwamuna amene anandikana ndili chogwada pamaso pake.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Esinati